M'nyumba mwathu muli Kikyo

Pa nkhani zonse zacikondi zimene ndinatambapo, imene inafika pafupi kwambiri ndi za m'nyumba mwanga inacokera ku Japan, ndipo mwamuna wa m'nkhaniyo ali ndi makutu a galu. Dzina lake ndi Inuyasha, ndipo anime yonseyo imadziwika ndi dzina lomwelo. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka kuti mzimai wamkulu, wapabanja, akutamba makatuni. Sekani, koma khalani pansi ndikusimbireni, makamaka inu amene munakwatiwa ndi mwamuna wofedwa, kapena muli ndi m'bale wanu amene analowa m'nyumba yotero.

Nkhaniyi anailemba ndi kuijambula ndi mai wina wa ku Japan, Rumiko Takahashi. Inayamba kutuluka mu 1996 m'magazini yochedwa Weekly Shonen Sunday, ndipo inatha mu 2008 itadzaza mabuku 56. Kampani ya Sunrise ndiyo inaisandutsa anime: zigawo 167 kucokera mu 2000 mpaka 2004, ndi zina 26 zomalizira mu 2009 ndi 2010. Ife tinazitamba zonse pa laputopu yakale, ziwiri kapena zitatu madzulo alionse malaiti akakhalapo. Ndikati ife, ndikunena ine ndi mwana wamkazi wa amuna anga, amene panthawiyo anali mu giredi 8. Ndiye anazibweretsa pa flash kucokera kwa mnzake wa kusukulu.

Mtsikana wa m'nkhaniyi ndi Kagome, wa ku Tokyo, amene banja lao limasamalira kacisi wakale. Tsiku limene akwanitsa zaka 15, cilombo ca miyendo yambirimbiri cimukokera m'citsime couma ca pakacisipo. Potuluka apeza kuti wabwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 500, m'nthawi imene a ku Japan amaicha Sengoku. Inali nthawi ya nkhondo pakati pa mafumu a zigawo, pamene midzi inali kutenthedwa ndipo alimi a mpunga anali kugona ndi mantha. M'nkhaniyi muli ndi zolengedwa zimene iwo amati yokai. Ena amamasulira kuti ziwanda, koma si ziwanda za kuchalichi zija. Zili ngati nyama zokamba za m'nthano zathu: zina ndi zoipa, zina ndi zabwino, zina ndi zaumbombo cabe.

Kumeneko Kagome apeza mnyamata atakhomeredwa kumtengo ndi muvi, ali mtulo kwa zaka 50. Ndiye Inuyasha, mwana wa yokai wagalu ndi mai wa mtundu wa anthu, wosalandiridwa mbali zonse ziwiri. Amene anamulasa ndi mkazi amene anali kumukonda, Kikyo, wansembe wamkazi wa pamudzipo. Kikyo anali kusunga kamwala kochedwa Shikon, kamene kamaonjezera mphamvu kwa yokai aliyense woukhudza. Awiriwa anapangana kuti Inuyasha agwiritse nchito kamwalako kuti asanduke munthu weniweni, kamwalako kathe, Kikyo naye amasuke akhale mkazi wamba. Koma kuphanga kwina kunali cigawenga cina, Onigumo, copsa thupi lonse, cimene Kikyo anali kucidwazika mwacifundo. Cigawengaco cinamusirira, cinapereka thupi lake kwa ma yokai, n'kubadwanso monga Naraku. Naraku anavala nkhope ya Inuyasha n'kuvulaza Kikyo, anavalanso nkhope ya Kikyo n'kuponyera mivi Inuyasha. Aliyense anakhulupirira kuti mnzake wamupereka. Kikyo anakhomera Inuyasha kumtengo, n'kufa ndi mabala ake, ndipo anamutentha pamodzi ndi kamwala kaja. Kagome ndi mzimu wa Kikyo umene unabadwanso, monga mmene cikhulupiriro ca Cibuda cimanenera, ndipo kamwalako kanali m'thupi mwake.

Zikanathera pamenepo, ikanakhala nkhani wamba ya mnyamata wopeza cikondi catsopano. Koma mfiti ina, Urasue, inaba phulusa la Kikyo ndi dothi la pamanda pake, n'kumuumba ngati mbiya. Kikyo anadzukanso. Kucokera pamenepo Kagome ayenda ndi mwamuna amene mkazi wake woyamba anafa, koma akali kuyendayenda m'nkhalango yomweyo.

Amuna anga anafedwa zaka 4 tisanakumane, n'kutsala ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Pamene ndinali kulowa m'nyumba, cithunzi ca malemu cinali pakhoma pabalaza, ndipo cikali pomwepo. Mapoto amene ndinayamba kuphikiramo anali ao. Mtengo wa mango umene timakhala pamthunzi pake anabzala ndi iwo. Alangizi anandiphunzitsa zambiri, za ulemu kwa apongozi, za kukhichini, za kucipinda. Za malemu anandiuza cinthu cimodzi cabe: musamawachule. Koma munthu amene simumuchula m'nyumba imene anamanga yekha amakhala paliponse, ngakhale m'kabati ya mbale.

Cinthu coyamba cimene cinandigwira mu Inuyasha ndi nkhani ya dzina. Inuyasha atangotsegula maso pamtengo paja aitana Kagome kuti Kikyo. Mtsikanayo akwiya, n'kumuchulira dzina lake pang'onopang'ono kuti alimve bwino. Gogo Kaede, mng'ono wake wa Kikyo amene tsopano wakalamba, naye aona nkhope ya mkulu wake pa mlendoyu. Aliyense amuyeza ndi malemu, ndipo muyesowo sumukomera. Kikyo sanali kuphonya ndi uta. Kagome muvi wake wina woyambirira ndi umene unaphwanya kamwala kaja n'kukamwaza dziko lonse, ndipo ulendo wonse wa m'nkhaniyi ndi wotolera zidutswazo.

Ine ndinaseka pamenepo, koma kuseka kwa munthu wodziwa. Azakhali ena a amuna anga anandiitanapo ndi dzina la malemu kawiri tsiku limodzi, pa ukwati wa wacibale, pamaso pa anthu. Ena akalawa cibwabwa canga amati n'cabwino, kenako aonjezera kuti malemu anali kuika nsinjiro zambiri. Sanena mwa nkhanza. Ndi mmene amakumbukirira munthu wao. Koma iwe woimirira ndi cipande m'manja umamva kuti ukulembedwa mayeso amene wina anakhoza kale.

Kagome sayesa kukhala Kikyo. Ayenda m'midzi ya zaka 500 zapitazo atavala yunifomu ya kusukulu, ndi cikwama cikulu cacikasu kumsana, muli mabandeji, mabuku a masamu ndi ma noodles a m'makapu amene Inuyasha amawakonda kuposa cakudya ciliconse. Tsiku lina zovala zake zitanyowa, Kaede amubwereka zovala za wansembe, coyera kumtunda, cofiira kumunsi. Inuyasha alephera kumuyang'ana bwino, amuuza kuti azivule, cifukwa aoneka ngati Kikyo. Ine nditalowa m'nyumba muno munali zitenje zitatu za malemu zimene zinatsala pogawa katundu. Wacibale wina anati ndizivala, zisaonongeke m'sutikesi. Ndinakana mwaulemu. Ndinazicapa, n'kuzisita, n'kuzisungira mwana wao wamkazi.

Pali mbali imodzi imene Kagome ali ndi mwai kutiposa ife. Kikyo wake anabwerera, ndipo anabwerera ndi zolakwa. Anadzuka ndi mkwiyo umene anafa nao. Anayesa kukokera Inuyasha ku imfa kuti afere pamodzi. Analanda Kagome zidutswa za kamwala n'kukazipereka kwa Naraku, ali ndi mapulani ake amene sanauze munthu. Kuti thupi lake ladongo liziyenda, anali kudalira mizimu ya atsikana akufa. Komanso anali kudwazika asilikali ovulala ndi kusewera ndi ana a m'midzi imene anali kudutsamo. Kagome anamuona ndi maso, wabwino ndi woipa pamodzi, munthu ngati iye. Malemu athu ife sabwerera. Munthu wakufa sapsereza ndiwo, sakalipira mwana, sadandaula za ndalama ya malasha. Caka ndi caka amangokomerakomera m'makumbukiro a anthu, pamene iwe wamoyo ukudzuka ndi mutu, ukuiwala mcere. Mpikisano umenewo palibe anaupambanapo.

Cigawo cimene ndinabwereza katatu ndi ca 48. Kagome anali ataona Inuyasha atakumbatira Kikyo, akumulonjeza kuti adzamuteteza. Athawira kwao ku Tokyo, atsimikiza kuti sadzabwereranso. Pansi pa mtengo wa pakacisi, womwe uja Inuyasha anakhomeredwapo zaka mazana zapitazo, azindikira kuti amamukonda, ndipo alira. Amai ake samufunsa mafunso ambiri. Angomusimbira za atate ake ndi mtengowo, n'kumusiya asankhe yekha. Kagome abwerera kucitsime. Auza Inuyasha kuti adziwa kuti sangadule cingwe cimene cili pakati pa iye ndi Kikyo, cifukwa Kikyo anataya moyo. Anena kuti iye ndi Kikyo ndi anthu osiyana, koma afanana pa cinthu cimodzi, kufuna kukhala naye pafupi. Ndiye apempha kuti akhalebe. Sanamupemphe kuti aiwale.

Ku wailesi ya m'dera lathu kumene ndimathandizako, ndimawerenga mauthenga pa pulogalamu ya za m'banja. Funso la cithunzi ca malemu limabwera kawirikawiri. Mai alemba kuti wakhala m'nyumba zaka zingapo koma cithunzi cikali pakhoma, acite bwanji? Oimba foni amagawika pawiri. Ena amati cicotsedwe tsiku lomwe mkazi watsopano walowa, apo ayi ndiye kuti mwamunayo sanamukonde. Ena amati mkaziyo angopirira, ukwati ndi kupirira. Ine sindiloledwa kupereka maganizo anga pa maikolofoni, nchito yanga ndi kuwerenga ndi kulandira mafoni. Pano ndinganene. Mayankho awiriwa onse amaona ngati mtima wa mwamuna ndi mpando umodzi wa m'minibasi, wina atsike kuti wina akhale. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mwamuna amene angaiwale mkazi amene anamubalira ana awiri, cifukwa cakuti ine ndafika, ameneyo ndingamuope, cifukwa tsiku lina khwawa loiwalikalo ndidzakhala ine.

Izi sizitanthauza kuti nsanje kulibe. Iliko, ndipo anime iyi siibisa. Pali pamene kamwana kena kocokera m'thupi la Naraku kagwira Kagome n'kuyamba kufufuza mdima mumtima mwake kuti kamulamulire. Kafufuza, kafufuza, mpaka kapeza Kikyo. Kamunong'oneza kuti umamuda mkazi uja, ukanakonda akanafa ndithu. Kagome apulumuka povomereza kuti inde zimamupweteka, inde amacita nsanje, koma zimenezo ndi zimene munthu aliyense wokonda amamva, ndipo sizimupanga kukhala kapolo wa wina. Pambuyo pake apeza Kikyo ali gone m'dziwe, thupi litadzala poizoni wa Naraku, ndipo amene angamucize ndi iye yekha. Alowa m'madzimo n'kumuciza. Atatuluka akali wokhumudwa, ndipo Inuyasha atafika amukalipira. Zimenezo ndinazikhulupirira. Munthu ungacite cabwino mtima ukuwawa.

Naraku amene ndikumuchula kawirikawiriyu mphamvu yake yaikulu ndi kudziwa pamene pali mng'alu. Kuti alekanitse Inuyasha ndi Kikyo sanafunikire asilikali. Anangobwereka nkhope, ndipo pa awiriwo palibe anaima n'kufunsa mnzake kuti kodi ndiwedi wacita izi? Zaka 50 zinatayika cifukwa ca funso limodzi losafunsidwa. M'nyumba ya mwamuna wofedwa ming'alu yotere ndi yambiri, ndipo onyamula mau amaidziwa. Caka cina galasi la cithunzi ca malemu linang'aluka, ndinacitsitsa n'kupita naco kwa okonza mafelemu kumsika. Cinakhalako masiku 4. Masiku amenewo anakwanira kuti mau afike kumudzi kwa amai ao a malemu akuti mkazi watsopano wataya cithunzi ca mwana wanu. Gogoyo anakwera basi ndi ndalama yake. Atafika sanapite kwa aneba kapena kwa apongozi ake aamuna. Anakhala pamphasa n'kundiitana.

"Mwananga, ndamva mau. Ndabwera kuti ndimve kwa iwe. Cithunzi cili kuti?"

Ndinagwada n'kuwayankha kuti, "Amai, tiyeni mukacione."

Cinali pakhoma, m'felemu yatsopano. Anaciyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha madzi akumwa. Anagona masiku awiri, ndipo popita anandisiyira nshawa za mbeu. Gogo ameneyo sanatambepo anime, koma anacita cimene Kikyo, ndi nzeru zake zonse, analephera.

Tsopano ndinene za mwamuna, cifukwa nkhani zotere timakonda kuzisenzetsa akazi okhaokha. Inuyasha amandikwiyitsa. Akangomva fungo la Kikyo athamanga osatsazika. Pobwera akhala duu, maso kumbali, ngati mwana amene waba shuga. Anzao a paulendo, Miroku, Sango ndi kamwana Shippo, onse amaona kuti walakwa, iye yekha ndiye saona. Kagome ali ndi mankhwala ake: Kaede anaveka Inuyasha mkanda wamatsenga m'khosi, ndipo Kagome akangonena liu limodzi lomuuza kukhala pansi, monga mmene amauzira galu, mwamunayo amagwa cafufumimba mpaka kukumba dzenje. Azimai ambiri amene ndimawadziwa angagule mkanda umenewo pa mtengo ulionse. Koma cimene cimapweteka Kagome kwenikweni ndi kubisa. Kupita kwa Kikyo akanakupirira, akanauzidwa.

Apa amuna anga ndimawayamikira. Malemu anamwalira mu July. Mwezi umenewo ukayandikira iwo amandiuza okha kuti Ciwelu cakuti adzapita kumanda ndi ana kukalambula. Sadikira kuti ndione khasu lasowa. Caka coyamba anandifunsa ngati ndifuna kupita nao, ndinati ayi, ndipo sanakhumudwe. Caka cacitatu ndinapita, ndinanyamula tsache. Mlungu umenewo amakhala acete kuposa masiku onse, ndipo ndimadziwa cifukwa cake popeza anandiuza. Inu azibambo ofedwa amene mwakwatiranso, kulira si mlandu. Muuzeni cabe mkazi wanu kumene mtima wanu wapita, asamacite kulota.

Mwana uja amene ndinali kutamba naye anali wa Kikyo kucokera paciyambi. Kagome akalira, iye anali kufyontha. "Anti, Kikyo ndiye anayamba. Uyu anangobwera." Anali kunena akuyang'ana pa laputopu, koma tonse awiri tinali kudziwa kuti mauwo akupita kuti. Sindinamutsutse. Mako ndi mako angacepe mwendo, ndipo mwana amene anataya amake ali ndi zaka 6 ali ndi ufulu woimira kumbuyo aliyense amene anayamba. Ine ndinali kungonena kuti Kagome naye sanasankhe kugwera m'citsime. Tinali kukangana za anthu ojambulidwa, ndipo zinali zopepuka kuposa kukangana za ife eni.

Kikyo amwalira kaciwiri m'zigawo zomalizira zija, atavulazidwanso ndi Naraku. Kagome ayesetsa kumupulumutsa koma alephera. Inuyasha amunyamula n'kukhala naye payekha usiku, nyenyezi zili mbuu, ndipo alira, cinthu cimene Kikyo anali asanacionepo. Kagome akhala capatali ndi anzake, nayenso akulira, osawasokoneza. Kumapeto kwa nkhani yonse kamwala kaja kathetsedwa, citsime citsekeka zaka zitatu, Kagome amaliza sukulu kwao, ndipo citatsegukanso asankha yekha kubwerera kukakwatiwa ndi Inuyasha, amene akali ndi makutu ake a galu. Kikyo anafuna kumusandutsa munthu. Kagome anamutenga mmene analili, pamodzi ndi manda amene anali mumtima mwake.

Usiku umene tinatamba imfa ya Kikyo, mwanayo anatseka laputopu cigawo cisanathe bwino. Tinakhala mumdima pang'ono. Kenako anayamba kukamba za amake, koyamba cilowere ine m'nyumba muno. Sanakambe zimene akuluakulu amakamba. Anati amake anali kuimba mokweza pocapa koma mau sanali kuwamvera, mpaka aneba anali kuseka. Anati anali a mtima wapacala, tsiku lina anamukwapula ndi patapata cifukwa ca kapu imene anaphwanya ndi mlongosi wake. Anati nyemba anali kupsereza pafupifupi nthawi zonse, cifukwa akaika pambaula anali kupita kukaceza kumpanda, ndipo atate ake anali kudya osanena kanthu. Anali kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndinamvetsera mpaka anagona pamiyendo panga, mtsikana wamkulu wa giredi 8.

Kucokera tsiku limenelo cithunzi ca pabalaza ndimaciona mosiyana. Pali mzimai amene anali kuimba moipa, wokonda maceza, amene anabzala mango osadziwa kuti adzadya ndi wina. Akanakhala neba wanga, ndiganiza tikanagwirizana. Mwana wake akali kundiitana anti, ndipo akali kunena kuti Kikyo ndiye anali woyenera. Za nyemba zija sindinawauze azakhali a nsinjiro.